Kasino ya pafoni ya ma Sweeps Coins ku Texas: kodi lamulo limaiona ngati njuga?

Funso: Ndimakhala ku Dallas, ku Texas, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa masewera a pafoni ofanana ndi makina a ku kasino. Umagula ma Gold Coins, iwo n'kukuwonjezera ma Sweeps Coins aulere, ndipo ukawina ma Sweeps amenewo umatha kuwasintha kukhala madola. Ndasewera miyezi isanu ndipo ndinatapako $300 kamodzi. Pa webusaiti yawo analemba kuti si njuga. Koma mng'ono wanga wa ku New Jersey akuti kwawo masewerawa anatsekedwa. Bambo a kunyumba akuti ndisiye chifukwa chaka chamawa ndikufuna kufunsira unzika. Kodi zimenezi n'zololedwa kapena ayi?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa chofunsa musanadzaze mapepala a unzika. Pa nkhaniyi bambo a kunyumba muwamvere, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Ku Texas kulibe lamulo lotchula masewerawa n'kunena kuti ndi ololedwa, ndipo kulibe ofesi ya boma imene inawapatsa chiphaso. Chimene chinachitika n'chakuti makampaniwo anawerenga okha malamulo a njuga, n'kupeza kampata kamene akuti akudutsirapo. Kuti masewerawo akutseguka pafoni panu sizikusonyeza kuti boma linawavomereza. Zikungosonyeza kuti kumene mukukhalako palibe amene wawatseka panopa.

Kuti mumvetse kampatako, ganizirani mphika wa pamafuwa atatu. M'zigawo zambiri za dziko la America, chinthu chimatchedwa njuga mafuwa atatu akakwana: pali mphoto yoti munthu awine, wowina amapezeka mwamwayi, ndipo wolowa masewerawo amalipira kanthu. Fuwa limodzi likachotsedwa, mphika wa njuga sukhalanso pamoto. Mpikisano wothamanga uli ndi mphoto, mwinanso ndalama yolembetsera, koma wowina amapezeka ndi liwiro lake, ndiye si njuga. Mipikisano ya malonda imene amaitcha sweepstakes imachotsa fuwa la kulipira. McDonald's ikamachita masewera ake a Monopoly, kapena kampani ya zakumwa ikaika manambala pansi pa chitsekerero cha botolo, pamakhala mphoto ndi mwayi, koma penapake pamalembedwa timawu tating'ono takuti "no purchase necessary", kutanthauza kuti munthu atha kulowa nawo osagula kanthu, mwina potumiza kalata. Mpikisano wotere cholinga chake n'kukopa anthu kuti agule mabaga kapena zakumwa, umakhala wa milungu yowerengeka, kenako umatha. Malamulo akhala akuulola kwa zaka zambiri.

Makampani a masewera anuwa anatenga njira imeneyi n'kumangapo kasino yathunthu. Imene inatchukitsa kwambiri kachitidweka ndi VGW, kampani ya ku Perth m'dziko la Australia imene inayambitsidwa ndi Laurence Escalante mu 2010, eni ake a Chumba Casino, LuckyLand Slots ndi Global Poker. Kenako kunabwera ena ambiri monga Stake.us, Pulsz, McLuck ndi WOW Vegas. Onsewa amagwiritsa ndalama ziwiri zongoyerekezera. Ma Gold Coins ndi amene mumagula, ndipo sangasinthidwe kukhala madola ngakhale mutawina mabiliyoni. Ma Sweeps Coins sagulitsidwa, akuti ndi mphatso, koma amenewa ndi amene amasinthika, kawirikawiri Sweeps imodzi kukhala dola imodzi. Loya wa kampani akaima m'khoti amanena kuti pa masewera a Gold palibe mphoto, pa masewera a Sweeps palibe kulipira, choncho palibe pamene mafuwa atatu akumana. Amaonjezera kuti munthu atha kupeza ma Sweeps osalipira: ochepa amaperekedwa mukalowa tsiku lililonse, ndipo mutha kulemba pamanja kakhadi, kukaika mu envelopu n'kutumiza pa positi, iwo n'kukupatsani ena ochepa.

Tsopano ndikufunseni funso limene oweruza amafunsa. Tsegulani tsamba logulira ma coins muone mitengo. Mupeza kuti mukalipira $20, ma Sweeps "aulere" amene akubwera amakhala pafupifupi 20, ndipo mukalipira $100 amakhala pafupifupi 100. Mphatsoyo imayenda limodzi ndi ndalama yanu, dola ndi dola. Kenako kumbukirani tsiku limene munagula komaliza. Kodi anali atatha ndi ma Gold kapena ma Sweeps? Anthu ambiri amene amasewera amakhala ndi mulu wa ma Gold amene sawakhudza n'komwe, koma ma Sweeps akatha amatulutsanso khadi la ku banki. Ngati inunso zili choncho, mukudziwa kale chimene mumagula. Nkhani yonse ya lamulo yagona pamenepa: kodi khoti liziyang'ana zimene zalembedwa pa risiti, kapena zimene munthu akulipiriradi?

Funso limeneli makhoti analiyankhapo kale, kungoti panthawiyo makinawo anali m'masitolo osati pafoni. Cha m'ma 2010, m'zigawo zambiri munadzaza malo otchedwa internet café amene ankati akugulitsa nthawi ya pa intaneti kapena makadi oimbira foni. Ukagula, ankakupatsa mwayi "waulere" wolowa mpikisano, ndipo zotsatira zake unkaziona pa kompyuta yooneka ndendende ngati makina a ku kasino. Ku Texas komweko eni malo otere anaimbidwa mlandu, ndipo mu 2012 khoti la apilo la Fifth Circuit, limene limaona milandu ya ku Texas, Louisiana ndi Mississippi, linagwirizana ndi chigamulo chowapeza olakwa pa mlandu wa United States v. Davis. Umboni unasonyeza kuti makasitomala ankasiya nthawi yambirimbiri ya intaneti osaigwiritsa ntchito, n'kumagulabe ina. Oweruza anaona kuti intanetiyo inali chophimba chabe, chogulitsidwa chenicheni chinali mwayi wowina ndalama. Chaka chomwecho khoti lalikulu la North Carolina linavomereza lamulo loletsa makina otere. Ku Florida nkhaniyi inafika poipa mu 2013, pamene apolisi anagwira gulu la Allied Veterans of the World limene linkayendetsa malo ambiri otere likudzitcha bungwe lothandiza asilikali opuma. Wachiwiri kwa bwanamkubwa, Jennifer Carroll, amene kale anagwirirapo ntchito gululo, anatula pansi udindo, ndipo pasanathe mwezi nyumba ya malamulo inaletsa malowo. Mu 2015 khoti lalikulu la California nalo linagamula kuti makompyuta amenewa ndi makina a njuga.

Makampani a pafoni ali ndi yankho lawo, ndipo ndi bwino mulimve. Amati iwo sali ngati ma café aja chifukwa ma Gold Coins ndi malonda enieni. Pali anthu mamiliyoni amene amagula ma coins pa masewera opanda mphoto iliyonse, kungofuna kusangalala, ndiye munthu sanganene kuti chogulitsidwacho n'chachabechabe. Mfundoyi ili ndi mphamvu ndithu, koma ili ndi msampha wake. Mu 2018, pa mlandu wa Kater v. Churchill Downs, khoti la apilo la Ninth Circuit linaona masewera a Big Fish Casino, amene analibe njira yovomerezeka yosinthira tchipisi, zomwe ndi ndalama zongoyerekezera za m'masewerawo, kukhala ndalama zenizeni. Linagamula kuti potsatira lamulo la chigawo cha Washington tchipisizo ndi chinthu chamtengo, chifukwa zimapatsa munthu mwayi wopitiriza kusewera, choncho masewerawo ndi njuga. Milandu imeneyo inatha ndi mgwirizano wolipira $155 miliyoni. N'chifukwa chake pafupifupi makampani onse a Sweeps salola anthu a ku Washington, ndipo ambiri amapewanso Idaho. Mukuona kuti masewera amodzimodzi, pafoni imodzimodzi, atha kukhala njuga ku Seattle, m'chigawo cha Washington, pamene ku Dallas palibe amene wawakhudza.

Izi zimasokoneza anthu ochokera kwathu chifukwa ku Malawi nkhani za njuga zili ndi mwini mmodzi. Bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority likapereka chiphaso, chimagwira ntchito kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a njuga. Boma lalikulu lili ndi malamulo angapo, monga la Wire Act la 1961 ndi la UIGEA la 2006 limene limaletsa makampani kulandira ndalama za njuga yosaloledwa ya pa intaneti, koma lamulo la 2006 limeneli silinena lokha kuti njuga yosaloledwa ndi iti. Limatsamira pa malamulo ena, makamaka a chigawo chimene wosewerayo ali. Pofika 2024, zigawo zimene zinali ndi kasino ya pa intaneti yovomerezeka, yokhala ndi chiphaso ndi woiyang'anira, zinali zisanu ndi ziwiri zokha: New Jersey, Delaware, Pennsylvania, West Virginia, Michigan, Connecticut ndi Rhode Island. Kwina konseko anthu ofuna kusewera pafoni analibe kolowera kovomerezeka, ndipo makampani a Sweeps anakula chifukwa cha mpata umenewo. Texas, California ndi Florida, kumene kuli anthu ochuluka, ndiko kunali msika waukulu.

Zimene zinachitikira mng'ono wanu ndi mbali ya mphepo imene inayamba kuomba posachedwapa. Michigan inayamba kumapeto kwa 2023, pamene bungwe loyang'anira njuga linalembera VGW ndi Stake.us makalata owalamula kusiya, ndipo anachoka. Mu 2025 zinthu zinathamanga. Montana inakhala yoyamba kukhazikitsa lamulo latsopano lowatsekera, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 October. Connecticut inatsatira. Ku New York, loya wamkulu wa boma Letitia James analembera makampani 26 mu June kuti asiye kugulitsa ma coins amenewa, ndipo kumapeto kwa chaka bwanamkubwa Kathy Hochul anasainira lamulo lowaletsa. Ku New Jersey, bwanamkubwa Phil Murphy anasainira lamulo lotere mu August. Ku California, Gavin Newsom anasainira lamulo la AB 831 mu October, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2026. Lamulo la ku California silinaimire pa eni kasino okha. Limakhudzanso odutsitsa ndalama, opanga masewerawo ndi owatsatsa malonda, ndipo chilango chake chimafika $25,000 kapena chaka chimodzi m'ndende.

Nkhani ya ku Louisiana ndi imene imaonetsa bwino chifukwa chake funso lanu lilibe yankho la inde kapena ayi. Aphungu a kumeneko anavomereza bilu yoletsa masewerawa mu 2025, koma bwanamkubwa Jeff Landry anakana kuisainira. Sanakane chifukwa chowakonda. Ananena kuti lamulo latsopano n'losafunika popeza malamulo amene alipo akuwaletsa kale, ndipo patangopita masiku ochepa bungwe loyang'anira njuga linatumiza makalata ambiri olamula makampani kusiya. Choncho pali mawerengedwe awiri. Makampani amati ngati zigawo zikulemba malamulo atsopano, ndiye kuti akale sankawaletsa. Maboma ngati la Louisiana amati masewerawa anali oletsedwa kuyambira pachiyambi. Texas ilibe lamulo latsopano, koma ili ndi lamulo lakale lolimba, ndipo ili ndi chigamulo cha Davis chija. Ine poona zonsezi, ndikuganiza kuti woimira boma pa milandu atafuna kutengera kampani yotere kukhoti ku Texas, kampaniyo ingavutike kudziteteza.

Ndisakubisireni kuti amene akukankha malamulo oletsawa si onse amene akudera nkhawa inu. Makasino okhala ndi ziphaso, kudzera m'bungwe lawo la American Gaming Association, ndi mitundu ya eni nthaka imene ili ndi makasino ku California, akuteteza msika wawo. Maboma nawo akuona msonkho ukuwadutsa: ku Pennsylvania makina a pa intaneti okhala ndi chiphaso amalipira 54 peresenti ya phindu lawo, pamene kasino ya Sweeps silipira msonkho wa njuga. Koma zolinga za anthu amenewa sizisintha kanthu pa vuto lanu.

Tibwere kwa inu tsopano. Mutu 47 wa malamulo a milandu a ku Texas umati kubetcha pa masewera a mwayi ndi mlandu wa Class C, gulu lotsikitsitsa, ndipo chindapusa chake sichiposa $500. Pali chodzitetezera cha anthu osewera pamalo obisika ngati panyumba, koma chimagwira ntchito pokhapokha ngati palibe wina amene akupindula kupatula wowinayo, ndipo apa kampani ikupindula. Kunena zoona, maboma akhala akulimbana ndi makampani, osati osewera, ndiye sindikuyembekezera kuti wapolisi agogode pakhomo panu chifukwa cha masewera a pafoni. Zimene zikundidetsa nkhawa ndi zina.

Choyamba ndi unzika. Pa fomu yofunsira unzika ya N-400 pali funso lofunsa ngati munatchovapo njuga yosaloledwa kapena kulandira ndalama zochokera ku njuga yosaloledwa. Mumayankha molumbira, ndipo ofesala amakufunsaninso pamasom'pamaso. Lamulo la olowa m'dziko limati munthu sangaonedwe kuti ndi wa khalidwe labwino ngati ndalama zake zambiri zimachokera ku njuga yosaloledwa, kapena ngati anapezeka wolakwa pa milandu iwiri kapena yoposerapo ya njuga m'zaka zimene akuziunika, zomwe ndi zisanu, kapena zitatu kwa wofunsira kudzera m'banja ndi nzika. Inu simuli m'magulu awiriwa. Mumadya za thukuta lanu ndipo simunaimbidwe mlandu. Komabe funso lija liyenera kuyankhidwa, ndipo simukufuna kukakhala pamaso pa ofesala mukuyesa kumasulira nokha nkhani imene maloya a makampani ndi a maboma akukanganabe. Kunama pofuna kupeza unzika ndi vuto lalikulu kuposa njuga yeniyeniyo, ndipo kungathe kukutsatirani ngakhale mutalumbira kale. Mwezi uliwonse umene mukupitiriza kusewera ukuwonjezera mizere pa sitetimenti ya ku banki imene mudzafunike kuifotokoza.

Chachiwiri ndi ndalama zanu. Mnzanu akakwera galimoto kupita ku kasino ya WinStar ku Thackerville, kungodutsa malire a Oklahoma pa msewu wa I-35, amakasewera pamalo amene ali ndi owayang'anira, makina ake amayesedwa, ndipo pali koti akadandaule. Munthu wa ku New Jersey wosewera pa kasino yokhala ndi chiphaso atha kulembetsa dzina lake ku boma kuti makasino onse amutsekere akaona kuti zamukulira. Inu mulibe zonsezi. Kampani ikatseka akaunti yanu muli ma Sweeps 500, kapena ikachedwetsa kukulipirani ponena kuti chiphaso chanu sichikuoneka bwino, ku Texas kulibe bungwe loyang'anira makasino loti mukadandauleko. Komanso tsiku limene munadina kuti mwavomereza malamulo awo, mwachidziwikire munavomera kuti mukasemphana simudzapita kukhoti koma kwa mkhalapakati, nokhanokha, osaphatikizana ndi odandaula ena. Anthu ena anapezako kanthu, monga a ku Kentucky kumene kuli lamulo lakale lolola munthu kuitanitsa ndalama zimene analuza pa njuga, ndipo VGW inavomera kulipira $11.75 miliyoni pothetsa mlandu wa gulu popanda kuvomera kulakwa. Koma zimenezo zinatheka chifukwa cha lamulo la ku Kentucky. Kumbukiraninso kuti chigawo chikatseka, makampani amapereka nthawi yochepa yoti anthu atape zimene zatsala, ndipo wochedwa amaluza.

Za msonkho ndingonena mwachidule. Ndalama imene mwatapa ndi phindu loyenera kulembedwa pa mapepala a IRS, bungwe lotolera misonkho, kaya kampani yakutumizirani fomu kapena ayi. $300 ija muitchule kwa amene amakukonzerani misonkho, chifukwa mapepala a misonkho amaonedwanso pa nkhani ya unzika. Ndipo mng'ono wanu muwauze kuti asayese kubisa kumene ali pogwiritsa ntchito VPN (pulogalamu yoonetsa ngati foni ili kwina) kapena adiresi yanu ya ku Dallas. Potapa ndalama amafuna chiphaso ndi umboni wa kumene munthu akukhala, akapeza kusiyana amatha kulanda zonse, ndipo dzina lanu likhala litalowa m'nkhani yachinyengo.

Pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene chandikhudza. Mwatchula $300 imene munatapa, koma simunatchule zimene mwalowetsa pa miyezi isanu. Si inu nokha, pafupifupi aliyense amakumbukira tsiku lowina. Ntchito yanu ndi yolemetsa, yonyamula anthu, yogwira usiku, ndipo ndikudziwa kuti pa dola iliyonse pali ena kumudzi amene akuiyembekezera. Makina amenewa anapangidwa mofanana ndi a ku kasino, kuti pakapita nthawi kampani itsale ndi gawo la ndalama zonse zolowa, ndipo mawu akuti "si njuga" amachititsa munthu kuiwala kuwerenga. Usiku uno tsegulani sitetimenti ya ku banki, muphatikize zonse zimene zinapita ku kampaniyo, muchotsepo $300. Mukapeza kuti nambalayo ikukuchititsani manyazi kuionetsa bambo a kunyumba, kapena mukayesa kusiya n'kulephera, imbani 1-800-GAMBLER. Ndi yaulere ndipo amasunga chinsinsi.

Musanatseke akauntiyo, tapani ma Sweeps amene akutheka kutapika, musagulenso ena kuti mufike pa mlingo wotapira. Koperani mbiri yonse ya zimene munagula ndi zimene munatapa, chifukwa mukatseka zimavuta kuipeza. Kenako mutenge mapepala amenewo pamodzi ndi masitetimenti a ku banki, mupite nawo kwa loya woona za olowa m'dziko musanalembe chilichonse pa N-400, mumuuze dzina la kampaniyo ndi miyezi imene munasewera, ndipo iyeyo akuuzeni mmene mungayankhire funso lija moona.